Kodi RAM ya 8 GB ndi imene ikuchititsa kuti kanema wa gemu azidumphadumpha?

Wachigoli

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso lokhudza kujambula magemu pakompyuta, ndipo ndikufuna uphungu wanu ndisanatulutse ndalama zimene ndasunga movutikira. Kompyuta yanga ndi ya patebulo, ndinaigula kwa munthu wina ataigwiritsapo kale ntchito. Ili ndi purosesa ya Core i5-8400, RAM (malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zinthu zimene ikugwiritsa ntchito) ya 8 GB ya mtundu wa DDR4, graphics card (khadi yoonetsera zithunzi) ya NVIDIA GTX 1050 Ti ya 4 GB, ka SSD (disiki yothamanga) kakang'ono kamene kali ndi Windows, komanso hadi disiki ya 1 TB imene ndimasungamo magemu ndi zina zonse. Gemu imene ndimasewera kwambiri ndi EA Sports FC 24, ndipo nthawi zina ndimasewerako GTA V.

Ndikamangosewera osajambula, zonse zimayenda bwino ndipo sindidandaula. Vuto limayamba ndikatsegula OBS Studio, pulogalamu yojambulira zimene zikuoneka pa sikirini, n'kuyamba kujambula pa 1080p ndi mafulemu (zithunzi) 60 pa sekondi. Gemu imayamba kulemera, wosewera akamenya mpira umakhala ngati waima kaye m'malere kenako n'kupezeka uli kale m'manja mwa goloboyi, ndipo m'munsi mwa OBS mumabwera uthenga wofiira wonena kuti encoder yalemedwa. Kanemayo ndikamuonera amakhala woipa kuposa mmene gemuyo inkaonekera ndikusewera, chifukwa mawu amamveka bwinobwino pamene chithunzi chimaima n'kudumpha.

Wogulitsa zipangizo za makompyuta amene ndinamufunsa anandiyankha mwachangu kuti RAM yanga ndi yochepa, ndipo ndigule ya 32 GB kuti vutoli litheretu. Mtengo wake ndi waukulu ndithu kwa ine. Kodi zimene ananenazi n'zoona? Ngati si zoona, ndiyambe ndi chiyani? Cholinga changa ndi kuika makanemawa pa YouTube ndi pa Facebook ndikamaliza kuwakonza, osati kuulutsa gemu ili mkati.

Kambuku

Achimwene, wogulitsayo sananame zonse, koma wawonjezera. Amene anapanga EA Sports FC 24 analemba kuti gemuyo imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo imene amalimbikitsa ndi 12 GB. Izi zikutanthauza kuti inu muli pa malire enieni musanatsegule OBS n'komwe, pamene Windows nayo ikudya gawo lake. GTA V ndi gemu yakale ndipo imakhutira ndi 8 GB, choncho kumeneko simuyenera kuvutika kwambiri. Ine ndikanati muwonjezere kufika pa 16 GB, koma 32 GB ndi kungotaya ndalama pa kompyuta ya msinkhu umenewo. Panopa, muzitseka Chrome ndi mapulogalamu ena onse musanayambe kujambula, chifukwa masamba ochepa chabe a intaneti akhoza kudya RAM yoposa 1 GB mwakachetechete.

Mmisiri

A Wachigoli, musagule kaye chilichonse. A Kambuku akunena zoona kuti 8 GB ndi yothina pa gemu imeneyi, koma uthenga umene mukuuona m'munsi mwa OBS sukunena za RAM ayi, ukunena za encoder, ndipo zinthu ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana kotheratu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, kutanthauza timadontho topitirira 2 miliyoni. Kadontho kalikonse kamafuna mabaiti atatu kuti kasunge mtundu wake, choncho chithunzi chimodzi chosafinyidwa chimalemera pafupifupi 6 MB. Mukamajambula zithunzi 60 pa sekondi, kompyuta imalandira pafupifupi 370 MB pa sekondi iliyonse, ndipo pa mphindi imodzi zimakwana 22 GB. Zikanakhala kuti RAM ndi imene imasunga zonsezi, ngakhale 32 GB imene wogulitsa uja akukuuzaniyo ikanadzaza mphindi ziwiri zisanathe. Chimene chimachitika n'chakuti chithunzi chilichonse chimafinyidwa nthawi yomweyo n'kulembedwa pa disiki, ndipo mu RAM chimangodutsamo kwa kanthawi kochepa kwambiri. Ntchito yofinyayo ndi imene encoder imagwira, ndipo iyenera kumaliza chithunzi chimodzi chinzake chisanafike. Ikachedwa, OBS imasiya zithunzi zina kuti isatsalire m'mbuyo, n'chifukwa chake mawu a kanema wanu akuyenda bwino pamene chithunzi chikudumpha. Zili ngati pachigayo: mwini wake atakulitsa khonde loikapo matumba a chimanga, chigayocho sichiyamba kugaya msanga chifukwa cha khondelo.

Tsono funso lenileni ndi lakuti, ndani akugwira ntchito yofinyayo mu kompyuta yanu? Ndikuganiza kwambiri kuti OBS yanu ili pa x264. Imeneyi ndi encoder yabwino, koma imagwiritsa ntchito purosesa, yomweyo imene ikuyendetsa gemu. Core i5-8400 ili ndi ma core (zigawo zogwira ntchito) asanu ndi imodzi, ndipo gemu ya mpira yamakono imafuna ambiri mwa iwo, kotero mukaisenzetsanso ntchito yofinya zithunzi 60 pa sekondi, ntchito ziwirizi zimalimbirana ndipo zonse zimavulala. Chosangalatsa n'chakuti yankho muli nalo kale m'kompyutamo. Makhadi ambiri a NVIDIA kuyambira a GTX 600, amene anatuluka mu 2012, ali ndi kachigawo kapadera kotchedwa NVENC, kamene ntchito yake ndi kufinya kanema basi, ndipo kamachita zimenezi popanda kulanda mphamvu zambiri za gemu. GTX 1050 Ti yanu ili nako. Mu OBS pitani pa Settings, kenako pa Output, ndipo pa gawo la Recording musinthe encoder kuti ikhale NVIDIA NVENC H.264. Ngati mwasankha Advanced, pa Rate Control muike CQP ndi nambala ya pakati pa 18 ndi 23, podziwa kuti nambala ikakhala yotsika chithunzi chimakongola koma fayilo imakula.

Pali vuto lachiwiri limene mwina mukumana nalo loyambali likachoka, ndipo ndibwino ndilitchuliretu. Ngakhale NVENC ikugwira ntchito yofinya, OBS imafunabe kagawo kakang'ono ka mphamvu za graphics card kuti isonkhanitse chithunzi cha gemu, cha kamera ngati muli nayo, ndi zolemba zilizonse zimene mwaika pa sikirini. GTX 1050 Ti ndi khadi yotsikitsitsa imene opanga FC 24 anaitchula kuti ingayendetse gemuyo, choncho nthawi zambiri imakhala ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Gemu ikasiyidwa kuti izitulutsa mafulemu ochuluka mmene ingathere, OBS imasowa potolera. Mankhwala ake ndi kuika malire a mafulemu 60 m'kati mwa gemu, kutsitsako zina mwa zokongoletsa monga udzu, tsitsi la osewera ndi anthu oonerera, komanso kutsegula OBS posankha Run as administrator, chifukwa mukatero Windows imaipatsa mpata patsogolo pa graphics card. Muzigwiritsanso ntchito Game Capture m'malo mwa Display Capture, popeza ndi yopepukirapo.

Simukufunika kukhulupirira ine kapena wogulitsa uja, chifukwa OBS yomweyo ikhoza kukuuzani pamene pali vuto. Pitani pa View n'kusankha Stats, ndipo mujambule gemu imodzi yathunthu. Muona mzere wonena za mafulemu otayika chifukwa cha encoding lag ndi wina wonena za rendering lag. Woyambawo ukamakwera ndiye kuti encoder ikulephera, ndipo wachiwiriwo ukamakwera ndiye kuti graphics card yadzazidwa. Nthawi yomweyo tsegulani Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mupite pa Performance n'kuyang'ana Memory. RAM ikakhaladi yochepa, muona kuti yadzaza kupitirira 90 pa 100 iliyonse, ndipo disiki nayo ikugwira ntchito mosapuma, chifukwa Windows imayamba kusamutsira zinthu zina ku fayilo yapadera ya pa disiki, imene imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Zizindikiro zake zimasiyananso: gemu imaima kwa sekondi yathunthu kapena kupitirira, makamaka mukalowa malo atsopano mu GTA V kapena mukachoka pa gemu kupita pa pulogalamu ina.

Kuti ndisawalakwire a Kambuku, pali malo awiri pamene RAM imafunikadi pa ntchito imeneyi. Oyamba ndi Replay Buffer, imene imasunga mphindi zomalizira za gemu mu RAM kudikira kuti mudine batani mukagoletsa chigoli chokongola. Pa 40,000 kbps (muyeso wa kulemera kwa kanema pa sekondi iliyonse), mphindi ziwiri zimatenga pafupifupi 600 MB, zomwe si zambiri koma zimamveka kwa munthu amene ali ndi 8 GB yokha. Achiwiri ndi pokonza kanemayo mukamaliza kujambula. Pulogalamu yokonzera makanema ya DaVinci Resolve, imene ambiri amaikonda chifukwa ili ndi mtundu waulere, imafuna 16 GB pa Windows, ndipo pa 8 GB mudzatopa nayo.

Nyenyezi

Zikomo a Mmisiri chifukwa cha kufotokoza komveka bwino. Ndiwonjezerepo za disiki, chifukwa ndi mbali imene anthu amaiiwala mpaka tsiku limene kanema wawo wawonongeka.

A Wachigoli, hadi disiki yanu ikwanitsa kujambula popanda vuto pa nkhani ya liwiro. Kanema wofinyidwa pa 20,000 kbps amalemba 2.5 MB pa sekondi, pamene hadi disiki wamba ya kompyuta ya patebulo imatha kulemba zoposa 100 MB pa sekondi. Chimene muyenera kuwerengera ndi malo, chifukwa pa liwiro limenelo ola limodzi limadya 9 GB, ndipo mukakweza kufika pa 40,000 kbps limadya 18 GB. Chenjezo lokha ndi lakuti gemu ndi kanema zili pa disiki imodzi. Pa mpira zimenezi sizivuta kwenikweni, popeza bwalo likangotsegulidwa gemu siwerenganso zambiri, koma GTA V imawerenga misewu ndi nyumba mosalekeza mukamayendetsa galimoto, ndipo singano ya disikiyo imakakamizika kuthamangira uku ndi uku. Mukadzapeza ndalama, SSD yokulirapo yosungamo magemu idzakuthandizani kwambiri. Musajambulirenso pa fulashi kapena pa disiki yakunja imene ili pa FAT32 (njira yakale yosanjira mafayilo pa disiki), chifukwa imeneyo silola fayilo imodzi kupitirira 4 GB.

Chachikulu chimene ndikufuna kutsindika ndi mtundu wa fayilo. Kwathu kuno magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse, ndipo kompyuta ya patebulo ilibe batire. Fayilo ya MP4 yachizolowezi imalemba mndandanda wa zonse zimene zili m'kati mwake pamapeto, mukadina batani loimitsa kujambula. Magetsi akazima musanadine, fayiloyo imaoneka kuti ilipo ndipo ndi yaikulu, koma imakana kutseguka. Mnzanga wina anataya kanema wa mpikisano wonse umene anasewera ndi anzake mwa njira imeneyi. Mukasankha MKV, zonse zimene zinajambulidwa kufika pamene magetsi anazimira zimapulumuka, ndipo mukafuna MP4 mumangopita pa File n'kusankha Remux Recordings, imene imasintha fayiloyo m'kanthawi kochepa popanda kuwononga chithunzi.

Popeza mwati mukufuna kuika makanemawa pa intaneti, muganizirenso za bandulo. YouTube imalangiza 12 Mbps (12,000 kbps) pa kanema wa 1080p wa mafulemu 60, ndi 8 Mbps pa wa mafulemu 30. Ndibwino kujambula pamwambako pang'ono kuti mukhale ndi chithunzi chabwino pokonza, kenako n'kutsitsa potulutsa kanema womaliza, kapena kumufinya ndi pulogalamu ya HandBrake musanamutumize.

Nanenso ndili ndi funso kwa a Mmisiri. Mlongo wanga ali ndi laputopu ya Core i5 yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi kakhadi ka NVIDIA ka mtundu wa MX250. Tayang'ana mu OBS koma NVENC sikuoneka pa mndandanda wa ma encoder. Kodi pali chimene tikuphonya, kapena laputopu yotere singajambule?

Mmisiri

Achemwali, palibe chimene mukuphonya. Si khadi iliyonse ya NVIDIA imene ili ndi NVENC, ndipo MX250 ndi imodzi mwa zimene zilibe, chimodzimodzi MX150 komanso GT 1030 ya makompyuta a patebulo. Kumbali ya AMD, RX 6400 ndi RX 6500 XT nazonso zilibe kachigawo kofinyira kanema. Ndikutchula zimenezi chifukwa ndi makhadi otsika mtengo amene amakopa anthu ongoyamba kumene, ndipo munthu akhoza kugula khadi imene ikuyendetsa gemu bwinobwino n'kudzazindikira kunyumba kuti singamuthandize kujambula.

Komabe laputopu ya mlongo wanuyo ili ndi njira ina. Mapurosesa ambiri a Intel amene ali ndi mbali yakeyake yoonetsera zithunzi ali ndi Quick Sync kuyambira mu 2011, ndipo imagwira ntchito yofanana ndi ya NVENC. Pa mndandanda wa mu OBS muipeza ndi dzina lakuti QuickSync H.264. Mukaisankha, gemu iziyenda pa MX250 pamene kufinya kukuchitika pa mbali ya Intel. Ikapanda kuoneka, yambani mwaika ma driver (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) atsopano a Intel. Ndikanakulangizani kuti pa laputopu yotere mujambule pa 720p, kapena pa 1080p ndi mafulemu 30, chifukwa kanema wosalala wa 720p amaonereka bwino kuposa wa 1080p wodumphadumpha, makamaka kwa anthu amene akuonera pa foni.

Pa laputopu ndi pamene nkhani ya RAM imakula kuposa pa kompyuta ya a Wachigoli. Mbali yoonetsera zithunzi ya Intel ilibe malo akeake osungira zinthu, imabwereka ku RAM yomweyo, ndiye kuchuluka kwa RAM ndi liwiro lake zonse zimakhudza ntchito. Malaputopu ambiri amabwera ndi chidutswa chimodzi cha RAM, ndipo chikakhala chimodzi purosesa imalankhula nacho kudzera pa njira imodzi. Zikakhala ziwiri, njira zimakhala ziwirinso, zimene amazitcha dual channel, ndipo zinthu zimayenda mowirikiza pakati pa purosesa ndi RAM. Mu Task Manager, pansi pa Memory, pali mzere wotchedwa Slots used umene umasonyeza kuti mipata ilipo ingati ndipo yodzazidwa ndi ingati. Muonetsetse musanagule, chifukwa malaputopu ena opyapyala ali ndi RAM yowotcherera pa bolodi imene singachotsedwe kapena kuwonjezeredwa, komanso RAM ya laputopu ndi yaifupi ndipo silowa mu kompyuta ya patebulo.

Chinanso ndi kutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kujambula kumayamba bwino koma pakapita mphindi zingapo zinthu n'kuyamba kulemera. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kukatentha ndiponso fumbi litachuluka, vutoli limakula. Laputopuyo isamaikidwe pa bedi kapena pa miyendo, izikhala yolumikizidwa ku magetsi pojambula chifukwa pa batire imadzichepetsera mphamvu, ndipo ngati papita zaka isanatsegulidwe, mmisiri aipukute fumbi pa fani n'kuika phala latsopano loziziritsira purosesa. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO ikuonetsani kutentha kwake gemu ili mkati.

Wachigoli

Zikomo kwambiri nonse. Ndatsatira zimene mwanena ndipo ndabwera kudzafotokoza zimene ndapeza, mwina zithandiza wina. Encoder inalidi pa x264. Nditasintha kupita pa NVENC, uthenga wofiira uja sunabwerenso, ndipo mzere wa encoding lag sukusunthanso. Mzere wa rendering lag unkakwerabe pang'onopang'ono monga munanenera a Mmisiri, makamaka kamera ya gemu ikaonetsa anthu oonerera chigoli chikalowa, koma nditaika malire a mafulemu 60 ndi kutsitsa zokongoletsa, nawonso wakhazikika. Fayilo ndayiika pa MKV.

Kumbali ya RAM, a Kambuku nanunso simunalakwitse. Ndikamasewera FC 24 uku ndikujambula, Task Manager ikusonyeza kuti yatsala pang'ono kudzaza ngakhale Chrome ili yotseka, ndipo ikusonyezanso kuti chidutswa chilimo n'chimodzi pamene mpata wina uli wopanda kanthu. Ndaganiza zogula chidutswa china cha 8 GB kuti zikwane 16 GB, makamaka poti ndikufuna kuyamba kukonza makanema. Funso langa lomaliza ndi lakuti, kodi chatsopanocho chiyenera kukhala cha kampani yomweyo imene inapanga chimene chilimocho? Nanga chogwiritsidwapo kale ntchito n'chodalirika?

Kambuku

Achimwene, dzina la kampani si lofunika kwambiri, ngakhale kuti zidutswa zofanana ndendende ndi zimene sizivutitsa. Chimene sichingasinthidwe ndi mtundu: iyenera kukhala DDR4 ya kompyuta ya patebulo, chifukwa DDR3 ndi DDR5 zili ndi kampata pamalo ena ndipo sizingalowe pa bolodi yanu ngakhale mutakankha bwanji. Ikani pulogalamu yaulere ya CPU-Z, mupite pa gawo la SPD, ndipo mujambule ndi foni zimene zalembedwa pamenepo kuti mukamuonetse wogulitsa. Purosesa yanu imayendetsa DDR4 pa liwiro la 2666, ndipo mukaphatikiza zidutswa za liwiro losiyana, zonse ziwiri zimatsatira chochedwacho, choncho palibe chifukwa cholipirira chothamanga kwambiri. Mupewe RAM ya ma server imene imalembedwa kuti Registered, chifukwa nthawi zina imagulitsidwa motchipa koma siyaka pa bolodi wamba.

RAM yogwiritsidwapo kale ntchito nthawi zambiri imakhala yabwinobwino, popeza ilibe mbali yoyenda imene ingathe ndi ukalamba, koma mugwirizane ndi wogulitsayo kuti mukhoza kuibweza ikapezeka ndi vuto. Poika, muzimitse kompyuta, muzule chingwe kukhoma, mugwire chitsulo cha bokosi la kompyutayo kaye musanakhudze chidutswacho, ndipo muchikankhe mpaka timapulasitiki ta m'mbali titatseka tokha. Ngati bolodi yanu ili ndi mipata inayi, zidutswa ziwirizo sizikhala moyandikana. Kawirikawiri zimalowa mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerengera kuchokera pa purosesa, ndipo buku la bolodiyo limafotokoza zimenezi. Mukayatsa, CPU-Z isonyeze pa gawo la Memory kuti njira zonse ziwiri zikugwira ntchito. Kenako muyese RAM yonseyo ndi pulogalamu ya MemTest86 kapena ndi Windows Memory Diagnostic, ndipo ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, mubweze chidutswacho nthawi imene munagwirizana isanathe.